Tikupita ku Zanzibar pa basi, koma sitinamvanebe za kogona

Chaka chino ndalama zanga za ku banki m'khonde sizigula malata kapena feteleza. Ine, achemwali anga aakulu ndi amuna awo tapangana zokaona Zanzibar. Amayi atamva anafunsa ngati kumeneko kwagwa zovuta kapena kuli ukwati, pakuti kwa iwo munthu sawoloka malire a dziko popanda chimodzi mwa ziwirizi. Titawauza kuti tikungopita kukapuma, anayankha kuti "chabwino", uja wosonyeza kuti nkhani sinathe.

Zambiri zomwe ndawerenga pa intaneti analembera munthu wotsika ndege kuchokera ku London kapena ku Milan, madola ali m'thumba. Ife tikunyamukira ku Lilongwe ndi makwacha, ndiye mawerengedwe athu ndi ena.

Zanzibar si chilumba chimodzi. Chachikulu ndi Unguja, chotalika makilomita pafupifupi 85, ndipo n'komwe kuli tauni yakale ya Stone Town ndi magombe a mchenga woyera timawaona pa Facebook aja. Kumpoto kwake kuli Pemba, chamapiri ndi chobiriwira, komwe kumachokera karafuu wambiri, zokometsera zakudya zija amati cloves pa Chingerezi. Palinso tizilumba ting'onoting'ono monga Changuu, Chumbe, Mnemba ndi Tumbatu. Zilumbazi zidaphatikizana ndi Tanganyika pa 26 Epulo 1964 n'kupanga Tanzania, kutatsala miyezi iwiri ndi kanthu kuti ife tilandire ufulu, koma mpaka lero zili ndi pulezidenti wakewake ndi nyumba yake ya malamulo. Zimenezi mlendo amazionera padoko: ukatsika boti kuchokera ku Dar es Salaam amakufunsanso pasipoti ngati kuti walowa dziko lina. Mmalawi safunika visa kuti akacheze ku Tanzania, koma kuyambira pa 1 Okutobala 2024 mlendo wochokera kunja ayenera kugula inshuwalansi ya boma la Zanzibar, ngakhale atakhala kale ndi ina. Mtengo womwe adalengeza poyambitsa lamuloli unali $44 pa munthu. Alamu anga, amene amagwira ntchito yowerengera ndalama, ailemba kale m'kabuku kawo ndi cholembera chofiira.

Iwowo ankafuna ndege. Titaika mitengo pathebulo, anakhala chete kwa kanthawi n'kufunsa kuti basi imanyamuka nthawi yanji. Msewu wake achemwali amaudziwa, chifukwa kale ankakaoda zitenje ndi nsapato ku msika wa Kariakoo ku Dar es Salaam. Umadzera ku Mzuzu, kutsika mapiri a Chiweta nyanja ikuoneka mmunsimu, kudutsa Karonga, kenako makilomita pafupifupi 45 kufika pa mlatho wa Songwe. Tsidya linalo amati Kasumulu. Ukangowoloka, wotchi yako yatsalira ndi ola lathunthu, ndipo amene waiwala zimenezo basi ya mmamawa imamusiya. Kuchoka apo msewu umakwera kudzera ku Tukuyu, dziko la nthochi ndi tiyi, mpaka ku Mbeya. Kuchoka ku Mbeya kukafika ku Dar es Salaam ndi makilomita oposa 800, kudzera ku Iringa ndi Morogoro, ndipo pakati pake msewuwo umang'amba nkhalango ya Mikumi. Achemwali akuti anaonapo mbidzi ndi akadyansonga ali pa windo la basi, chimanga chootcha chili m'manja, osalipira kalikonse.

Alamu atagonja pa ndege, atenga nkhani ya sitima ya TAZARA, njanji ya makilomita 1,860 imene anthu a ku China adamanga pakati pa 1970 ndi 1975 kuti mkuwa wa ku Zambia uzifika kudoko osadzera ku Rhodesia, Zimbabwe ya lero. Imaima ku Mbeya. Siyenda tsiku lililonse, ndiye tagwirizana kuti tidzaikwere pobwerera ngati tsiku lake lidzagwirizane ndi lathu. Popita ayi.

Kuchoka ku Dar es Salaam boti lothamanga limatenga maola pafupifupi awiri. Mlendo amalipira zambiri kuposa mwini dziko, ndipo tikiti tikagula pa windo la kampani, osati kwa anyamata othamangira zikwama kunja kwa doko. Mantha a amayi ali pomwepa, ndipo sindikuwaseka. Mu Seputembala 2011 sitima yotchedwa Spice Islander idamira usiku pakati pa Unguja ndi Pemba itadzaza mopyola muyeso, anthu mazanamazana n'kufa. Tawalonjeza kuti tidzawoloka masana, pa boti lalikulu.

Za mwezi sitinalimbane. Achemwali ndi mphunzitsi, holide yawo yaitali imagwa mu Ogasiti, basi nkhani yatha. Mwayi wake nyengoyo ndi yabwino. Mvula yamphamvu kumeneko imagwa kuyambira Malichi mpaka Meyi, pamene kuno ikulekeza, moti mahotela ena amatseka ndipo otsalawo amatsitsa mitengo. Ina yocheperako imabwera cha mu Novembala ndi Disembala. Kuyambira Juni mpaka Okutobala kumakhala kouma, kosatentha monga mu Januwale ndi Febuluwale. Koma miyezi imeneyi ili ndi mphepo yake, imene eniake amati kusi. Imachokera kummwera chakummawa, ndipo ndi mwera womwe uja ife okulira ku Nkhotakota timaudziwa, wosunga asodzi kumtunda mabwato atawakokera pamchenga. Ikamaomba, boti limagwedezeka zedi, makamaka pobwerera ku Dar es Salaam madzulo. Ine ndikadya pang'ono tsiku limenelo. Mphepo imeneyi ndi inzake kaskazi, yochokera kumpoto cha mu Disembala mpaka Malichi, ndizo zidasandutsa Zanzibar msika: zombo za matanga zochokera ku Arabia, Persia ndi India zinkabwera ndi kaskazi n'kudikira kusi kuti iwabweze kwawo.

Tinaonanso kuti ulendo usagwe m'mwezi wa Ramadan. Pafupifupi anthu onse a ku Zanzibar ndi Asilamu, ndipo m'mwezi umenewo malo ambiri odyera m'tauni amatseka masana. Kudya kapena kumwa pamsewu anzako akusala ndi mwano, monga momwe zilili ku Mangochi kapena kwathu ku Nkhotakota komwe. Ramadan imafulumira ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse, ndiye zaka zino ikugwa kumayambiriro a chaka, kutali ndi Ogasiti.

Tsopano pa kogona, pomwe pali mkangano.

Ife a kunyanja timadziona ngati madzi timawadziwa. Koma nyanja yathu siyendayenda: pomwe waisiya mmawa ndi pomwe uipeze madzulo, imakwera ndi kutsika ndi nyengo ya mvula basi. Nyanja yamchere imaphwa ndi kudzaza kawiri pa tsiku chifukwa cha kukoka kwa mwezi, ndipo nthawi yake imachedwerachedwera ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse. Mwezi ukakhala wathunthu, kapena ukakhala mumdima, ndi pamene madzi amathawa kwambiri n'kubweranso ndi mphamvu. Ku gombe lakummawa kwa Unguja, ku Paje ndi ku Jambiani, pansi pa nyanja n'posalala ndipo m'posaya mpaka kukafika ku miyala ya korali, moti madzi akaphwa amapita kutali kwambiri, mwina kupyola kilomita. Munthu amene walipira chipinda choyang'ana kunyanja amadzuka n'kupeza dambo la mchenga wonyowa, ndere ndi tizilombo taminga tobaya mapazi. Ojambula zithunzi zokopa alendo amadikira madzi adzaze kaye. Chikomekome cha mkuyu.

Kumpoto, ku Nungwi ndi ku Kendwa, gombe limatsetsereka msanga ndipo umasambira nthawi iliyonse. Ndiye n'komwe kwadzaza mahotela akuluakulu, nyimbo usiku wonse ndi mitengo yolembedwa m'madola. Achemwali akufuna kumeneko. Akuti sanasunge ndalama chaka chonse kuti akayende pamatope.

Ine ndikufuna Jambiani, ndipo chifukwa chake ndi matope omwewo. Madzi akaphwa, amayi a m'mudzimo amalowa m'nyanja ndi zingwe ndi tizikhomo kukalima ndere zimene amati mwani. Amamangirira tizidutswa ku chingwe, n'kuzisiya zikule m'madzi kwa masabata angapo, kenako amakolola, kuyanika padzuwa ndi kugulitsa kwa amalonda otumiza kunja, komwe amapangira zinthu zolimbitsa zakudya ndi mafuta odzola. Ulimi umenewu udayamba kumeneko cha mu 1989 ndipo ambiri ouchita ndi amayi. Masiku ano ukuvuta chifukwa madzi osaya akutentha kwambiri, mtundu wa ndere wodula uja n'kumafa. Munda umene umaoneka maola ochepa pa tsiku kenako n'kumira, ine ndikufuna ndiuone ndi maso anga. Kusambira ndasambira kale kokwanira ku Chia ndi ku Senga Bay.

Alamu, pofuna mtendere m'banja, akuti tigawe masiku. Mtunda siwovuta: kuchoka ku Stone Town kupita ku Nungwi ndi makilomita pafupifupi 60, ku Paje pafupifupi 50. Koma kugawako kukudya masiku a Stone Town, ndipo pamenepo ndiye sindikusuntha. Ambiri amagonamo usiku umodzi, kujambulitsa pa zitseko zosemedwa zamisomali yamkuwa zija, n'kuthamangira ku gombe. Kwa mzungu mwina n'zokwanira. Kwa mwana wa ku Nkhotakota sizingakwane.

Ndinakulira pafupi ndi mtengo uja uli ku mishoni, umene amatiuza kuti David Livingstone adakumanirapo ndi Jumbe, mfumu yachiswahili yochita malonda a akapolo. Kusukulu ankatiphunzitsa kuti akapolo ankawawolotsa nyanja pa zombo n'kupita nawo "kugombe", nkhani n'kuthera pomwepo ngati kuti gombelo ndi dzenje. Kumene ankapita kuli dzina. Cha m'ma 1840, Seyyid Said, mfumu ya ku Oman, adasamutsa likulu lake kuchoka ku Muscat kubwera ku Zanzibar. Minda ya karafuu inkafuna manja ambiri, ndipo minyanga ya njovu inkafuna mapewa oinyamula. M'zaka zomwezo Salim bin Abdullah, Jumbe woyamba, adakhazikika ku Nkhotakota. Anthu ogwidwa m'midzi ya kumtunda ankawasonkhanitsa pamenepo, kuwawolotsa kupita tsidya lakummawa, kenako kuwayendetsa pansi miyezi mpaka ku Kilwa. Amene afika amoyo ankawalonga m'zombo kupita ku msika wa ku Zanzibar. Msikawo udatsekedwa mu Juni 1873, Sultan Barghash, mfumu ya ku Zanzibar, atasaina pangano mokakamizidwa ndi Angerezi, patangopita mwezi umodzi Livingstone atamwalira kwa Chitambo. Kuno kwathu malondawo sadathe pomwepo. Mlozi, wamalonda a akapolo wa ku Karonga, komwe basi yathu ikadutse, adanyongedwa mu 1895.

Pamalo pa msikawo, ku Mkunazini, amishoni a Anglican a bungwe la UMCA adayamba kumanga tchalitchi cha Christ Church m'chaka chomwecho cha 1873, motsogozedwa ndi Edward Steere, amene manda ake ali kuseri kwa guwa. Amati guwalo lili pomwe panali mtengo womangirirapo akapolo powakwapula. Mkatimo muli mtanda wosemedwa kuchokera ku mtengo umene pansi pake adakwirirapo mtima wa Livingstone. Panja pali dzenje lokhala ndi ziboliboli za anthu atamangidwa unyolo m'khosi. Pali tizipinda tapansi timene alendo amaonetsedwa kuti ndimo ankasungiramo akapolo, ngakhale akatswiri ena a mbiri amakayikira zoti tinalipo kale nthawi ya msikawo. Ine zimenezo sizikundichotsa chidwi. Msikawo unalipo, ndipo ena mwa ogulitsidwa pamenepo ankayankhula chilankhulo chomwe ndikulembachi.

Komanso ndine wa Anglican, ndipo mpingo wathu udabwera kunyanja kudzera ku Zanzibar komweko. Amishoni omwewo a UMCA ndiwo adakhazikika pa Likoma cha mu 1885, n'kuyamba kumanga St Peter's mu 1903, pamalo pomwe kale ankawotcherapo anthu oganiziridwa ufiti. Chauncy Maples, amene adayambira ntchito yake ku Zanzibar, adamira m'nyanja yathu mu 1895 atangodzozedwa kumene kukhala bishopu wa Likoma, ndipo adaikidwa m'tchalitchi cha All Saints ku Nkhotakota. Ndakhala ndikudutsa pamanda amenewo kuyambira ndili wa Sande sukulu. Ndiye ndawauza achemwali kuti Lamlungu litipeze mu Stone Town, tikapemphere nawo ku Mkunazini. Mapemphero adzakhala m'Chiswahili, koma dongosolo lake tikalitsata ndithu.

"Iwe ukufuna kukalira pa holide," anatero achemwali.

"Achemwali, tsiku limodzi lokha. Enawo tikasambira."

"Ndakumva kale iwe. Limodzi lako limabala ana."

Sakunama. M'tauniyo muli zambiri. UNESCO idailemba m'gulu la malo osungidwa a dziko lonse mu 2000. Tinjira take n'topapatiza moti galimoto silowa, ndipo aliyense amene anapitako akuti kusochera n'kosapeweka. Nyumba yotchuka ya House of Wonders, imene Barghash adamanga mu 1883, idagumuka mbali ina mu Disembala 2020, ndiye tikaionera panja. Pafupi pomwepo mpomwe padachitikira nkhondo ya pa 27 Ogasiti 1896, pamene zombo za Angerezi zidaphulitsa nyumba ya mfumu ndipo zonse zidatha ola lisanakwane. Kukada, pa bwalo la Forodhani pamadzaza matebulo a zakudya: nsomba zootcha, madzi a nzimbe ofinyira pomwepo ndi ndimu ndi jinja, ndi urojo, msuzi wowawasa wothiramo mbatata ndi tizitumbuwa. Alamu alumbira kuti pweza, chinyama cha m'nyanja cha miyendo isanu ndi itatu chija, sadzachiika pakamwa. Ndawatonthoza kuti ugali ndi nsima yomweyo, sakafa ndi njala.

Pa Changuu tamvana tonse popanda kukokana. Ndi kachilumba kapafupi ndi tauni, kofika pa kaboti kakang'ono. Kudamangidwa ndende mu 1893 imene sidasungepo akaidi, m'malo mwake idakhala malo osungira odwala matenda opatsirana. Kuli akamba akuluakulu amene makolo awo adachokera ku Seychelles mu 1919 ngati mphatso. Ku nkhalango ya Jozani, komwe kuli apusi ofiira opezeka ku Zanzibar kokha, tikaimako popita ku Jambiani chifukwa ili panjira. Maulendo okaona minda ya zokometsera zakudya ndikuwakayikira pang'ono, akuoneka ngati okonzera alendo kwambiri, koma achemwali akufuna akagule karafuu ndi sinamoni wa mu tiyi, ndiye ndingotsatira.

Zovala sizikutidetsa nkhawa. M'tauni ndi m'midzi amafuna munthu abise mapewa ndi mawondo, za kusambira zithere pa gombe. Chitenje chili kale m'chikwama cha mayi aliyense wa kuno. Chomwe tiyenera kukumbukira ndi majumbo apulasitiki: Tanzania idawaletsa mu Juni 2019, ndipo ife tinazolowera kukulungamo chilichonse, nsapato ndi kamba wapanjira yemwe.

Chovuta chenicheni ndi ndalama zakunja. Kwacha idagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo aliyense amene wayesapo kufuna madola zaka zino akudziwa mmene zilili. Ndalama zomwe wasunga lero sizikhala zomwezo pofika Ogasiti. Ndiye sitikudikira: chilichonse chotheka kulipiriratu tikulipiriratu, ndipo zopempha ndalama zakunja ku banki tiyamba miyezi isanathe, osati sabata yonyamuka. Madola akale kapena ong'ambika kumeneko amawakana. Pa Songwe pamakhala osintha ndalama pamanja, ndipo achemwali akuti lamulo lake n'limodzi: werenga mashilingi uli nawo m'manja mwako usanatulutse makwacha ako, ndipo usinthe zongokufikitsa ku Mbeya. Makina otapira ndalama ndi ambiri mu Stone Town koma ochepa m'midzi ya kugombe, choncho tikatapiratu tisanatuluke m'tauni.

Pa chilumbapo tikayenda pa daladala, zimene zimakwereka cha ku msika wa Darajani. Zina ndi minibasi, zina ndi malole okhala ndi mabenchi kumbuyo. Munthu amene wakwerapo matola a ku Ntchisi sangaziope. Takisi tikaikwera pokhapokha tili ndi zikwama zonse.

Pemba tachisiya, ngakhale mtima ukundiwawa. Nthawi yomwe tikupitayi ndi pamene amayamba kukolola karafuu n'kumuyanika pa mphasa m'mbali mwa misewu, ndipo alendo kumeneko ndi ochepa. Koma kuwolokera kumeneko ndi ulendo winanso wa maola angapo pamadzi, mphepo ija ikuomba, kapena kandege kakang'ono komwe thumba lathu silingakwanitse. Lonjezo lomwe tinapereka kwa amayi silingalole.

Pakadali pano ndalembera pa WhatsApp malo angapo ogona ku Jambiani, ang'onoang'ono a eni mudzi. Ndawafunsa ngati mtengo womwe alembawo ukuphatikiza msonkho wa boma umene mlendo aliyense amalipira pa usiku, ngati madzi osamba ndi a mchere kapena ayi, ngati muli neti ya udzudzu, ndiponso ngati amalola kuti tiziphika tokha. Mmodzi wayankha kale kuti khitchini ilipo koma gasi tikagule tokha. Alamu atenga kalendala yoonetsa mwezi kuti aone masiku amene madzi adzadzaze masana, ati akapeza kuti akugwirizana ndi masiku athu, mwina achemwali avomera kuchepetsa za ku Nungwi.